Pulezidenti akamayankhula pafoni ndi mtsogoleri wa dziko lina, amene wamva zolakwika akanene kwa ndani?

WaRegistry_Zomba analemba:

Funso langa likupita kwa inu amene mumatsata ndale za ku America, makamaka abale athu amene mukukhala komweko.

Ambiri tinaona pa 28 February 2025 pulezidenti wa America Donald Trump ndi pulezidenti wa Ukraine Volodymyr Zelensky akukalipirana mu Oval Office, ofesi ya pulezidenti ku White House, makamera ali pompo. Zimenezo sizinandivute kwenikweni, poti dziko lonse linaona ndipo aliyense anaweruza yekha. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi zimene atsogoleri amakambirana chitseko chili chotseka, kapena pafoni. Anthu awiri omwewa anaimbiranapo foni pa 25 July 2019, ndipo foni imeneyo ndi yomwe inafikitsa Trump pa impeachment yake yoyamba, kutanthauza kuimbidwa mlandu ndi aphungu pofuna kumuchotsa pampando. Tinadziwa za foniyo chifukwa munthu mmodzi wogwira ntchito m'mabungwe a ukazitape analemba dandaulo.

Ine ndinagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, nthawi yaitali mu registry, kenaka ndinkalemba maminitsi pamisonkhano ya akuluakulu. Ndikudziwa mmene fayilo imafera. Palibe amene amaiwotcha kapena kuing'amba. Mesenjala amangobwera ndi kapepala kuti bwana akuifuna. Pa khadi lake timalemba tsiku ndi dzina la ofesi imene yapita. Ikafika kumeneko amaidinda chidindo chofiira chija, n'kuiika mu kabati yachitsulo imene kiyi wake ali ndi munthu mmodzi. Wina akabwera kudzaifunsa timatsegula khadi n'kumuonetsa kuti ili kwa bwana, ndipo palibe kalaliki amene angakagogode pakhomo lija kuti bwana bwezani fayilo. Ndinaziona ndi maso anga pa nkhani zazing'ono za mafuta a galimoto ndi maalawansi. Ndiye ndikamaganiza za pulezidenti wa dziko lamphamvu ngati America, ndimadabwa kuti pepala la wantchito wamba linadutsa bwanji mpaka kukafika ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo.

Ndinamva kuti wodandaulayo sanali n'komwe pagulu la amene ankamvetsera foni ija. Nanga anamukhulupirira bwanji? Anapita kwa ndani poyamba, poti bwana wamkulu wa mabwana ake onse ndi yemweyo amene ankamudandaulira? Ndipo kodi lamulo lawo limapatsa aphungu mphamvu yoona zimene pulezidenti wauza mtsogoleri wa dziko lina, kapena zinangochitika mwamwayi? Ndikufuna amene anatsata bwino andifotokozere mwatsatanetsatane, osati zongomva.

NaPhiri_Indiana anayankha:

Zikomo bambo, funso lanu ndi labwino. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba, ndiye masana a November 2019 mboni zikuperekera umboni pa TV ndinkakhala pampando n'kumaonera m'malo mogona. Ndifotokoza mmene zinayendera.

Pulezidenti wa kuno akamaimba foni yotere sakhala yekha. Pamakhala antchito a National Security Council, bungwe lolangiza pulezidenti pa za chitetezo, ndi ena akumvetsera m'chipinda chotchedwa Situation Room, ndipo amalemba zimene zanenedwa. Foni ya pa 25 July inatenga pafupifupi mphindi 30. Zelensky ananena kuti dziko lake likufuna kugula mizinga ina ya Javelin yophwanyira akasinja. Trump anayankha pomwepo kuti akufuna amuchitire chinthu china, ndipo kutsogolo kwa zokambiranazo anatchula Joe Biden ndi mwana wake Hunter, amene anali mu bodi ya kampani ya gasi ya Burisma ku Ukraine. Anauza Zelensky kuti ayankhule ndi loya wake Rudy Giuliani komanso Attorney General William Barr. Nthawi yomweyo thandizo la zida ndi chitetezo la madola pafupifupi 391 miliyoni, limene Congress inali itavomereza kale, linali litaimitsidwa. Biden apa n'kuti akufuna kudzapikisana ndi Trump pa chisankho cha 2020.

Mwamva zoona, wodandaulayo sanamvetsere foniyo. Iye mwini analemba m'dandaulo lake kuti zambiri sanazione yekha, koma anauzidwa ndi akuluakulu a boma oposa 6. Sanapite ku nyuzipepala. Pa 12 August anapereka dandaulo kwa Inspector General wa mabungwe a ukazitape, Michael Atkinson. Musasokoneze ndi mkulu wa apolisi wa kwathu. Kuno udindo umenewu ndi wa munthu wofufuza zolakwika mkati mwa boma momwemo.

Pali lamulo la 1998 limene limaika masiku. Inspector General ali ndi masiku 14 oti aone ngati dandaulo lili lomveka ndiponso lofunika changu. Akaona kuti ndi lotero amalitumiza kwa mkulu wa mabungwe onse a ukazitape, ndipo iyeyo ali ndi masiku 7 oti alipereke ku makomiti a Congress oona za ukazitape. Atkinson anachita mbali yake pa 26 August, n'kulitumiza kwa Joseph Maguire, amene ankagwirizira udindowo. Apa ndi pamene fayilo inakhaliridwa, monga mwaneneramu. Maguire anakafunsa maloya a ku White House ndi a Unduna wa Zachilungamo, ndipo a undunawo anati nkhaniyi sikugwa pansi pa lamulo lija chifukwa pulezidenti si wantchito wa mabungwe a ukazitape. Masiku 7 anatha dandaulo lisanatuluke.

Pa 9 September Atkinson analembera kalata komiti yoona za ukazitape ya House (imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress), imene wapampando wake anali Adam Schiff. Sanaulule zimene zinali m'dandaulomo. Anangonena kuti pali dandaulo limene iye waliona kuti ndi lomveka komanso lachangu, ndipo silinaperekedwe kwa iwo monga lamulo limanenera. Zinthu zinayamba kuthamanga kuchokera pamenepo. Pa 11 September ndalama za Ukraine zinamasulidwa. Pa 24 September Nancy Pelosi, amene anali sipikala wa House, analengeza kuti House iyamba kufufuza za impeachment. Pa 25 White House inatulutsa yokha zolemba za foni ija, ndipo pa 26 dandaulo lonse linatuluka poyera.

Chinthu china chimene chikugwirizana ndi zimene munaona mu registry: zolemba za foniyo sanazisiye m'kompyuta imene zolemba za mafoni otere zimasungidwa masiku onse. Anazisamutsira m'kompyuta ina yosungira zinsinsi zazikulu kwambiri za ukazitape, imene ndi anthu ochepa okha angatsegule. Wodandaulayo analemba zimenezi, ndipo White House inavomera kuti zinachitikadi maloya atalangiza.

Pa funso lanu lomaliza, Congress ilibe ufulu wongotsegula zolemba za pulezidenti pamene yafunira. White House inalemba kalata pa 8 October kukana kugwirizana ndi kafukufukuyo, ndipo akuluakulu ena sanabwere kudzachitira umboni. Amene anabwera, monga Marie Yovanovitch, Bill Taylor, Fiona Hill ndi Alexander Vindman (msilikali amene ankagwira ntchito ku National Security Council), anabwera chifukwa anasankha okha kumvera samani ya aphungu m'malo momvera kalata ija.

DalaivalaWaKuJoni anayankha:

Mayi mwafotokoza bwino, koma mwasiya mbali ina, ndipo ine ndiyankhula mosabisa.

Trump anasankhidwa ndi anthu. Wodandaulayo anamusankha ndani? Malamulo a dziko lawo amapatsa pulezidenti udindo woyankhula ndi mayiko ena. Ngati wantchito aliyense amene sanakondwe ndi mawu a bwana wake angathe kulemba pepala n'kuyambitsa mlandu, ndiye dziko likulamulidwa ndi ndani? Munthu sanamve yekha, wangotola za m'maluwa m'makonde a ofesi, ndipo dzina lake labisidwa. Kwathu kuno ngakhale kwa amfumu, wokuneneza amaima pamaso pako.

Zelensky mwiniwake ananena ku New York mu September 2019, atakhala pambali pa Trump, kuti palibe amene anamukakamiza. Ndalama zinaperekedwa. Ukraine sinalengeze kafukufuku aliyense wa Biden. Senate, nyumba inayo ya Congress, inazenga mlandu n'kumupeza Trump wosalakwa pa 5 February 2020. Ndiye wolakwiridwa ndi ndani?

Komanso tisaiwale kuti Biden yemweyo, ali wachiwiri kwa pulezidenti, anaopseza Ukraine kuti chikole cha ngongole cha madola 1 biliyoni sichiperekedwa ngati sachotsa woimira boma pamilandu Viktor Shokin. Anachita kudzitama yekha pagulu mu 2018. Palibe amene analemba dandaulo. Kwa ine izi zikuonetsa kuti nkhani yonse inali ndale.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Mtsogoleri wa dziko laling'ono akamaimba foni ku Washington amanena zinthu zimene sangathe kunena pagulu. M'zolemba zija Zelensky anaoneka akuvomerezana ndi Trump podandaula za Angela Merkel, mtsogoleri wa Germany pa nthawiyo, pamene dziko lake linkadalira thandizo la Germany. Potulutsa zolembazo anamuyalutsa munthu amene anali pa nkhondo. Mawa mtsogoleri wina adzayankhulanso momasuka bwanji?

LoyaWachinyamata anayankha:

Achimwene a ku Joni, nkhawa yanu yomalizayo ndi yoona ndipo sindikutsutsa. Koma amene anatulutsa zolemba za foni ndi White House yomwe, si wodandaula. Iye anatumiza dandaulo lake kudzera njira yachinsinsi, kwa aphungu ochepa amene ali ndi chilolezo choona zinsinsi za boma. Yerekezani ndi Edward Snowden mu 2013, amene anatenga zikalata n'kupatsa atolankhani. Ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Za m'maluwa zinatha pamene mboni zinalumbira. Vindman anamvetsera foniyo ndi makutu ake, ndipo tsiku lomwelo anakanena kwa loya wa National Security Council. Gordon Sondland, kazembe amene Trump anamusankha yekha ndipo anapereka madola 1 miliyoni ku mwambo womulumbiritsa, anauza aphungu pa 20 November kuti ulendo wa Zelensky wopita ku White House unkadalira kuti alengeze kafukufukuyo. Ameneyu simunganene kuti anali mdani wake.

Pa ndalama, apa ndi pamene mphamvu ya pulezidenti imathera. Angayankhule ndi aliyense, koma chikwama chili m'manja mwa Congress. Richard Nixon atazolowera kukana kugwiritsa ntchito ndalama zimene aphungu avomereza, Congress inakhazikitsa lamulo la Impoundment Control Act mu 1974. Pulezidenti akafuna kuimitsa ndalama ayenera kuuza Congress ndi kupereka zifukwa. Pa 16 January 2020 ofesi yowerengera chuma cha boma ya GAO inagamula kuti ofesi ya bajeti ya White House inaphwanya lamulo limeneli poimitsa ndalama za Ukraine. Ife a Malawi tisaone ngati izi ndi za kutali. Thandizo la mankhwala a ARV ndi malungo limene limabwera kuno limadutsa mu Congress yomweyo, ndipo tonse tinaona zimene zinachitika m'zipatala ndi m'mabungwe thandizo la kunja litaimitsidwa mu January 2025.

Za Shokin, kusiyana kwake n'koti kumuchotsa inali mfundo ya boma la America yodziwika poyera, ndipo European Union ndi IMF ankafunanso zomwezo chifukwa ankamuona kuti sakulimbana ndi katangale. Zimene Trump anapempha zinkadutsa mwa loya wake wa iye mwini, amene analibe udindo uliwonse m'boma, ndipo wopindula anali iye pa chisankho.

WaRegistry_Zomba anayankha:

Zikomo nonse, makamaka mayi NaPhiri. Ndawerenga yankho lanu mobwereza, ndipo maso anga akubwerera pa tsiku limodzi, 9 September.

Anthu amatamanda wodandaula, ndipo akuyeneradi. Koma ine monga munthu wa mafayilo ndikuona kuti dandaulo lija likanafera mu kabati chikhala kuti panalibe zinthu ziwiri. Choyamba ndi masiku olembedwa m'lamulo, 14 ndi 7. Ku ofesi kwathu malamulo ambiri ankati nkhani iyendetsedwe mwachangu, ndipo changu chimenecho chinkatha kukhala zaka, popanda amene mungamuloze chala. Koma pakalembedwa kuti masiku 7, tsiku la 8 likafika aliyense akhoza kuwerenga pa kalendala n'kunena kuti apa pali cholakwika. Chachiwiri ndi Atkinson. Bambo ameneyu, malinga ndi mmene mwafotokozera, sanaphwanye chinsinsi chilichonse. Sanatsegule envulopu. Anangopita kwa eni ake kukawauza kuti pali kalata yanu imene yagwidwa panjira. Ndipo anachita zimenezi akudziwa kuti amene anamuika pa udindowo ndi Trump yemweyo. Ndagwirapo ntchito ndi anthu abwino ambiri, oopa Mulungu, osaba ngakhale pensulo. Koma ofika poti n'kulemba kalata yotere dzina lawo lili pansi, ndinawaona ochepa kwambiri.

Achimwene a ku Joni, ndikugwirizana nanu kuti atsogoleri ayenera kukhala ndi poyankhulira momasuka. Inenso maminitsi amene ndinkalemba sindinkapita nawo kumsika. Koma kubisira anthu wamba ndi kwina, kubisira boma lenilenilo ndi kwina. Pulezidenti akalonjeza kanthu kwa mtsogoleri wa dziko lina, salonjeza m'dzina la banja lake. Iye adzachoka, wina adzalowa, ndipo wolowayo adzapeza ngongole ya mawu imene sakuidziwa. N'chifukwa chake ku America komweko ali ndi lamulo la 1978 lonena kuti zolemba za pulezidenti ndi katundu wa boma, si zake.

Pa chifukwa chimenechi, ine foni ya pa 25 July siindiopsa kwambiri ngati msonkhano wa ku Helsinki mu July 2018, pamene Trump ndi Vladimir Putin wa ku Russia anakhala pafupifupi maola awiri ndi omasulira okha, popanda nduna kapena wolemba maminitsi. Pa foni ija panali makutu ambiri, ndiye panapezeka wina woti n'kudandaula. Ku Helsinki akanadandaula ndani? Womasulira ntchito yake imamuletsa kuulula. Aphungu ena anafuna kumuitanitsa koma sizinatheke. Mpaka lero zimene anthu awiriwa anagwirizana tikuzimva kuchokera kwa iwo eni basi.

Pa zoti wokuneneza aime pamaso pako, kwa amfumu zimatheka chifukwa onse awiri akabwerera kumudzi amakhala ofanana, wina sangathe kulanda mnzake ntchito, penshoni ndi chitetezo. Apa wina ndi mkulu wa asilikali onse. Ndipo pofika nthawi ya mlandu, mboni zimene zinaima poyera ndi mayina awo zinali zokwanira.

Mayi NaPhiri, funso lina limodzi. Anthu amenewa zinawathera bwanji?

NaPhiri_Indiana anayankha:

Sizinawathere bwino bambo, ndipo mbali imeneyi imandiwawa.

House inavota pa 18 December 2019. Mlandu wogwiritsa ntchito mphamvu molakwika unadutsa ndi mavoti 230 kwa 197, wotsekereza Congress 229 kwa 198. Ku Senate pamafunika masenata 67 mwa 100 kuti pulezidenti achotsedwe. Anakana kuitana mboni zatsopano ndi mavoti 51 kwa 49, kenaka pa 5 February anamumasula, 52 kwa 48 pa mlandu woyamba ndi 53 kwa 47 pa wachiwiri. Wa chipani cha Republican amene anavota kuti ndi wolakwa anali Mitt Romney yekha, pa mlandu woyamba.

Patangopita masiku awiri, pa 7 February, Vindman anatulutsidwa mu White House mochita kuperekezedwa. Anachotsanso m'bale wake amene anabadwa naye mapasa, Yevgeny, yemwe anali loya kumeneko ndipo sanachitire n'komwe umboni. Sondland anachotsedwa tsiku lomwelo. Vindman anapuma usilikali mu July 2020, pamene Yevgeny anadzasankhidwa kukhala phungu wa ku Virginia mu 2024. Atkinson amene mwamutamandayo anauzidwa kuti ntchito yatha pa 3 April 2020, usiku wa Lachisanu, dziko lonse maso ali pa Covid.

Wodandaulayo dzina lake boma silinalitsimikize pa nthawi imeneyo, ngakhale anthu ankafalitsa dzina lina pa intaneti. Lamulo limaletsa Inspector General kuulula dzina, koma sililetsa wina aliyense. Trump ananena kuti amene anapereka nkhanizo sasiyana kwenikweni ndi akazitape a adani. Mlandu uli mkati ku Senate, senata Rand Paul analemba funso lokhala ndi dzina limene ankaliganizira, koma Chief Justice John Roberts, amene ankatsogolera mlanduwo, analiyang'ana n'kukana kuliwerenga mokweza.

Congress inayesa kutseka mpata umenewu mu 2022. Lamulo linalipo kale loti pulezidenti akafuna kuchotsa Inspector General azidziwitsa aphungu masiku 30 zisanachitike, ndipo inalilimbitsa kuti azipereka zifukwa zenizeni zomveka. Pa 24 January 2025, patangopita masiku anayi chilumbirireni kachiwiri, Trump anachotsa ma Inspector General pafupifupi 17 usiku umodzi popanda chidziwitso chimenecho. Ena mwa iwo anapita kukhoti.